Bimu ya Holo ya ku Chelstone

Chaka chimene ndinatuluka koleji

Dalitso ndi Tisungane, za ubwana wanga ku Kabwata munazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira tsiku limene ndinakwera masitepe a ofesi ina yaing'ono ya mainjiniya m'tauni, kuseri kwa Cairo Road, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ndinali ndi pepala langa la koleji m'chikwama, kuphazi nsapato zobwereka za amayi aang'ono zimene zinkandiluma zala. Mwini ofesi anali Ba Chanda, bambo wamfupi wa ku Kasama amene pensulo sinkachoka pakamwa pake. Pepala langa sanaliwerenge n'komwe. Anatenga rula ya thabwa, naigoneka chafulati pakati pa mabuku awiri, naikanikiza ndi chala pakati.

"Yathyoka?" anandifunsa.

"Ayi, sinathyoke."

"Manje vuto ili kuti?"

"Yawerama," ndinatero ine.

Anaiimika rula ija cham'mbali, nakanikizanso. Sinasunthe. "Thabwa ni imozimozi," anatero. "Ubwele pa Mande."

Umo ndi mmene ndinalowera ntchito imene ndagwira mpaka imvi. Popeza inu nonse munathawa masamu, wina n'kupita ku unamwino wina ku mawayilesi, ndikufotokozereni pang'ono. Bimu ndi mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, umene umagona pa nsanamira ziwiri n'kunyamula zonse za pamwamba. Pali mafunso awiri amene timaifunsa. Loyamba ndi la mphamvu: kodi ithyoka? Lachiwiri ndi la kuuma: kodi iwerama kufika pati? Anthu amaopa loyamba, koma limene limachititsa manyazi mainjiniya ambiri ndi lachiwiri. Bimu ikhoza kukhala zaka zana osagwa, koma ikawerama mopitirira, makoma a pamwamba pake amang'aluka, zitseko zimakana kutsekeka, matailosi amatukuka, ndipo mwini nyumba sagonanso tulo.

Ba Chanda anandiphunzitsa kuti konkire ikangosenza katundu imang'aluka kumunsi kwake timing'alu tating'ono ngati tsitsi. Si ngozi ayi, ndi pamene zitsulo zimayambira kugwira ntchito yake. Koma bimu yong'aluka siuma ngati mmene imaonekera pa pepala. Kuuma kwake kumatsika kufika theka, nthawi zina kuchepera apo. Ndiye pakapita zaka, konkire imapitirizabe kutsika pang'onopang'ono pansi pa katundu yemweyo, ngati msana wa munthu wokalamba. "Nambala ya kuuma sitiipima, tiiganizila chabe," ankatero. "Manje ngati uganizila, ganizila kawili. Kamozi monga bimu ni mutsikana, kamozi monga ni ambuya." Ndinkaseka, koma ndinkawerengera kawiri, ndi pensulo, tsamba ndi tsamba, iwo akundiyang'anira pa phewa ndi kununkhiza mafuta awo a m'mutu.

Chaka chobadwa Dalitso

Izi zinali zaka za kusowa. Inu mumadandaula magetsi akazima maola angapo, ife tinkaima pa mzere wa simenti ngati wa mafuta ophikira. Unkajambula bimu ya zitsulo zazikulu zinayi, kontilakitala n'kubwera ndi zazing'ono chifukwa ndi zimene wapeza m'tauni monse, iwe n'kuyambiranso masamu kuti uone zilowa zingati. Pepala lojambulapo mapulani likalakwika sitinkataya, tinkapala inki ndi lezala mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Ndinkapita ku ntchito ndi mimba, kukwera makwerero a matabwa nditamanga chitenje pamwamba pa ovolosi, ndipo Ba Chanda ankanditsatira pambuyo manja ali m'mwamba ngati angandiwakhe ndikagwa. Munthu wake wamfupi uja, tikanagwa tonse.

Pa nyumba ina ya ofesi ku Woodlands ndi pamene ndinadziwana ndi Che Yusufu. Anali kapitawo wa akalipentala amene amakhoma matabwa othiramo konkire, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Mangochi kalekale. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo Lachisanu masana ankasowa ola limodzi osapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo panalibe womufunsa. Anali ndi kachitidwe kake kamene sindinakaonepo kwa kapitawo wina. Asanachotse mitengo yochirikiza bimu, ankakhoma msomali ku nsanamira iyi ndi wina ku nsanamira iyo, n'kukoka ulusi wa amisiri pansi pa bimu mpaka kulira ngati gitala. Ankayeza mpata wa pakati, n'kulemba ndi pensulo pa konkire pomwepo. Akachotsa mitengo ankayezanso. Ndipo akadutsa pa nyumbayo patapita chaka kapena ziwiri, ankapempha alonda kuti alowe, n'kukokanso ulusi wake pa misomali yomwe ija. Palibe anamutuma. Ankangofuna kudziwa.

"Inu mumaziwerengera zisanabadwe," anandiuza tsiku lina. "Ine ndimaziyendera zitakula."

Chaka chimene Tisungane anayamba sukulu

Chaka chimenecho mu ofesi munalowa kompyuta yokhala ndi pulogalamu yowerengera nyumba yonse nthawi imodzi. Unkaimika nsanamira ndi mabimu pa galasi la kompyutayo, kuuza makina kukula kwa chilichonse ndi katundu wake, iwo n'kukupatsa mayankho onse usanamalize tiyi. Maso a Ba Chanda anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo makinawo ankawaopa ngati galu wa eni ake. Ine ndinawaphunzira msanga. Ndivomere pano kuti ndinayamba kudzimva. Ntchito ya milungu itatu ndinkaimaliza masiku awiri, makontilakitala ankafunsa za "ba madamu ba kompyuta", ndipo pensulo yanga inagona m'kabati. Ba Chanda anafika poti ndikawapatsa mapulani ankangofunsa kuti, "Ba Agnes, vonse vili bwino?" Ine n'kuti zili bwino, iwo n'kusaina.

Anandiuzanso kuti chaka chikatha adzandikweza kukhala wachiwiri wawo. Udindowo unkabwera ndi nyumba ya kampani ku Woodlands, ya zipinda zitatu ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Ndinalakwitsa kukutengani kukaiona Lamlungu lina. Dalitso unasankhiratu chipinda chako, ndipo Tisungane unauza kalasi yonse kuti tikusamuka pa mafulati.

Ntchito yaikulu imene tinali nayo inali ya mayi wina wa ku Kabulonga amene ankamanga sukulu yake ku Chelstone. Ankafuna holo pansi, yopanda nsanamira pakati kuti ana azionera bwino masewero, ndipo pamwamba pake makalasi a makoma a mabuloko. Ndiye kuti makalasi onsewo ankakhala pa mabimu atatu aatali, iliyonse mamita khumi ndi awiri. Ndinawaika m'makina, makina anati mphamvu ilipo yokwanira ndipo kuwerama kwake ndi mamilimita khumi okha. Ndinakondwa, Ba Chanda anasaina, ndipo kapitawo wa matabwa kumeneko anali Che Yusufu.

Okutobala wa chaka chomwecho

Linali Lachisanu m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha zitsulo. Matabwa a mabimu onse atatu anali atakhomedwa, zitsulo zitamangidwa, konkire ikubwera Lachiwiri. Ndinayendera zonse, ndinawerenga zitsulo, zinali ndendende monga pa pulani. Ndikutsika, Che Yusufu anandiimitsa pa makwerero.

"Amayi, pakatipa nditukule bwanji?" Ankanena za kukweza matabwa pang'ono pakati, kuti bimu ikadzatsika idzakhale yowongoka.

"Mamilimita khumi akwana," ndinatero. "Makina atero."

Anayang'ana kutalika kwa holo. "Ija ya ku Woodlands inali yaifupi kuposa iyi, msinkhu wake womwewu. Ndinapitako mwezi wathawu. Yatsika zala ziwiri."

"Che Yusufu, ija tinawerengera ndi manja. Iyi ndi ya kompyuta."

"Kaya," anatero. "Konkire yake ndi yomweyi."

Ndinaseka, ndinakwera galimoto, ndinapita. Ndikuchita manyazi polemba izi, koma m'njira ndinkaganiza kuti akuluakulu ena safuna kuti dziko lisinthe. Komabe mawu aja anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Loweruka ndinachapa nawo, Lamlungu ndinapita nawo ku Misa, ulaliki sindinaumve. Titabwerako, inu mukusewera panja ndi ana a pa fulati ya pansi, ndinatulutsa mapepala a makina aja pa tebulo lodyera, ndinafunafuna pensulo, ndinayamba kuwerengera monga kale.

Sizinatenge ola. Makina aja, ukapanda kuwauza, amatenga bimu ngati yosang'aluka, yathunthu, youma ngati tsiku limene yathiridwa, ndipo amaiona choncho mpaka muyaya. Panali kabokosi kamene ndinayenera kulembamo kuti kuuma kuchepetsedwe. Sindinakakhudze. Za kutsika kwa zaka sindinaziikemo n'komwe. Chinthu choyamba chimene Ba Chanda anandiphunzitsa, chimene ndinkachidziwa ngati dzina langa, ndinachisiya chifukwa galasi linandipatsa nambala yokongola. Nditachepetsa kuuma ndi kuwonjezera zaka, mamilimita khumi aja anasanduka makumi asanu ndi mphambu. Kutukula matabwa sikukanathandiza, chifukwa kutsika kwambiri kukanabwera makoma atamangidwa kale pamwamba. Ndinawerengeranso kachiwiri, ndikupempha Mulungu kuti ndipeze pamene ndaphonya. Panalibe.

Tsono mvetsani bwino chimene chinali patsogolo panga, chifukwa ndi chimene ndalembera mutu uno. Mabimuwo sakanagwa. Palibe mwana akanavulala. Konkire ikanathiridwa Lachiwiri, sukulu ikanatsegulidwa ndi nyimbo, ife tikanasamukira ku Woodlands. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu makoma a makalasi akanayamba kung'aluka, zitseko kukana, mayi wa ku Kabulonga n'kuitana ofesi yathu kuti ifufuze. Wofufuza akanakhala ine. Ndipo aliyense wa ntchito yathu amadziwa chimene chimalembedwa bimu ikawerama: kapitawo anachotsa msanga mitengo yochirikiza. Palibe amatsegula masamu a injiniya, amayang'ana munthu wa hamala. Che Yusufu analibe pepala la sukulu ngakhale limodzi. Chimene ankadyera ndi dzina lake lokha, loti mabimu ake sawerama, ndipo mu Lusaka wa zomangamanga mbiri yoipa imafika kutali ku Lilayi iwe usanafike pa City Market m'tauni momwemo.

Atate anu anandipeza nditagwira m'mutu. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale, za konkire sankadziwa kanthu, koma ndinawafotokozera zonse.

"Amake Dalitso, mufuna nikuuzeni chani?" anandifunsa.

"Muniuze kuti nikhale chete."

"Ningakuuzeni. Koma nikuzibani. Muzankhala mu nyumba ija monga muli pa lenti ya munthu wina." Anatenga ketulo kukaika madzi. Ndinawakwiyira tsiku lonse chifukwa chonena zoona.

Lolemba lake

Ndinafika ku ofesi Ba Chanda asanavule jekete. Ndinaika mapepala awiri pa tebulo lawo, la makina ndi la pensulo. Anatenga galasi lawo lokulitsira zilembo, nawerenga la pensulo mzere ndi mzere, osafulumira. Ine nditaima ngati mwana wa sukulu. Atamaliza anachotsa pensulo pakamwa, chinthu chimene ndinachiona kawiri kokha moyo wanga wonse.

"Konkire ibwela liti?"

"Mawa."

"Tumani foni, baimike." Kenako anandiyang'ana. "Ba Agnes, munaiona liti?"

"Dzulo masana."

"Chabwino. Ngati munakamba ati mwezi watha, sembe nakuchosani nchito."

Masana omwewo tinakumana pa malo omangira: mayi mwini sukulu, kontilakitala, Ba Chanda, ine, ndi Che Yusufu ataima chapatali ndi chipewa chake choyera. Ba Chanda anafotokoza kuti mabimu ayenera kuzama kuposa mmene alili, zimene zinatanthauza kuphwasula matabwa onse, kumasula zitsulo, ndi kutsitsa denga la holo pafupifupi chikhatho ndi theka. Sukulu sikanathanso kutsegulidwa mu Januwale monga anali atalonjezera makolo. Mayiyo sanakuwe. Anali munthu wozolowera antchito, ndipo maso ake anapita okha kumene anazolowera kupita.

"Ni uja kapitao, ai? Nenze naona kuti ni wochedwa maningi. Mumuchose lelo."

Kontilakitala anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti avomera, chifukwa kwa iye inali njira yaifupi. Che Yusufu anangoyang'ana pansi.

"Mayi, si iwo," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. "Si iwo. Iwo akhoma zimene ndinajambula, ndipo ndi iwo anandichenjeza. Ndinalakwitsa masamu ndine."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato. "Imwe? Ba madamu ba kompyuta?"

"Ine ndemwe."

Pamenepo Ba Chanda anasuntha, naima pakati pa ine ndi mayiyo, ngakhale kuti mutu wawo unkangofika pa phewa langa. "Siginecha pa pulani ni yanga," anatero. "Ninasaina osabelenga. Ngati mufuna munthu wokalipila, nili pano." Mayiyo anawakalipiradi, nthawi yaitali, pa dzuwa, antchito onse akumva. Bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anaima chilili akuvomera ndi mutu. Sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala.

Zotsatira zake munaziona, kungoti simunkadziwa gwero lake. Ofesi yathu inasenza zonse za kuphwasula ndi kukhomanso. Mayiyo anatilanda ntchito ina imene anali atatilonjeza ku Kabulonga. Ba Chanda anandiitana n'kundiuza mosabisa kuti sangandikweze chaka chimenecho, chifukwa mnzanga wina wa mu ofesi angafunse kuti kodi kuno munthu amakwezedwa akalakwa. Nyumba ya ku Woodlands inapita kwa iyeyo. Dalitso unakhala mlungu wathunthu osandilankhula, ndipo ine ndinangokuuzani kuti kampani yasintha maganizo. Linali bodza la theka, ndipo ndalisunga zaka zonsezi. Pepani, ana anga.

Udindo uja ndinadzaupeza patapita zaka zinayi, nyumba ija ili ndi eni ake kale. Sindidandaula. Makina sindinawasiye, ndi abwino, amachita zimene wawauza. Koma kuyambira pamenepo bimu iliyonse yaitali ndinkaiyendetsa m'makina kawiri, youma ndi yofewa, kenako n'kuiyesanso pa pepala ndi pensulo, ndipo mainjiniya onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawazunza ndi lamulo lomwelo. Ena amandiimbirabe foni kundithokoza, ena ndikudziwa amanditchula nkhalamba yovuta. Ndimathokoza Mulungu pondipatsa bwana amene anandiphunzitsa kawiri, poyamba ndi rula, kachiwiri ndi msana wake. Ndimathokoza atate anu, amene akanatha kundiuza zimene ndinkafuna kumva.

Mlungu wophwasula

Koma amene ndinkaopa kukumana naye kwambiri anali Che Yusufu. Matabwa aja anawakhoma masiku asanu ndi limodzi ndi anthu ake, pa dzuwa la Okutobala, ntchito yaukhondo yoti ukanadyerapo. Lachitatu ndinapita ku Chelstone ndi mapulani atsopano. Ndinamupeza ali pamwamba, akuzula misomali imodziimodzi n'kumaiwongola pa chitsulo, chifukwa misomali nayo inali yosowa. Anatsika pang'onopang'ono, anapukuta manja, analandira mapulani ndi manja awiri. Anayang'ana msinkhu watsopano wa bimu, anagwedeza mutu kuvomereza.

"Che Yusufu," ndinatero, "ndabwera kudzapepesa. Munandiuza Lachisanu, ine ndinakusekani. Ndipo taonani ntchito yanu yonse ndaiwononga."

"Munaseka, eya," anatero. "Nkhaniyo ndinakaiperekanso kwa Mulungu masana ake."

"Mwakwiya nane?"

Anapinda mapulani aja bwinobwino, nawaika m'thumba la malaya. Anayang'ana mulu wa matabwa ophwasulidwa, kenako anayang'ana ine. Ndinali ndisanamuonepo maso ake atanyowa.

"Amayi, ndili ndi ana asanu ndi awiri, ndipo ntchito ina sindiidziwa. Matabwa timachotsa ndi hamala, mawa tikhomanso. Ikanakhala konkire, akanachotsa ine."